Caution ya 2021 inatsala pang'ono kundilanda malo a udokotala

Imelo yoti ndikhoza kuyamba sukulu ya udokotala yabwera dzulo, mtima wangokhala pansi tsopano, ndiye ndati ndilembe msanga ndisanaiwale, makamaka kwa inu achinyamata athu muli kuno ku England amene munakhudzanapo ndi apolisi pa kankhani kakang'ono.

Yanga inali ya 2021, ndili ndi zaka 19. Tinakangana ndi landilodi pa nkhani ya dipoziti, ine ndi ukali ndinamenya chitseko mpaka chinasweka. Ku polisi anandiuza kuti ndikasaina caution, chenjezo lolembedwa la apolisi, sindipita kukhoti, ndinasaina ndikungofuna kupita kunyumba, loya waulere amene anandifunsa ngati ndikumufuna ndinakana. Sindimadziwa kuti kusaina kuja ndi kuvomera mlandu ndipo zimalowa mu kompyuta ya apolisi ya dziko lonse. Ndinalakwa, chitseko ndinalipira, koma pepalalo limakutsatirabe.

Chimene chimasokoneza anthu ndi ichi. Caution ngati yanga imakhala spent, kutanthauza kuti lamulo limaitenga ngati yatha, tsiku lomwelo, pa lamulo la Rehabilitation of Offenders Act la 1974, ndiye ku ntchito za mu shopu kapena mu weyahausi sunena kanthu. Koma udokotala, unesi, uphunzitsi zili kunja kwa chitetezo chimenecho. Kumeneko amapanga enhanced DBS, kufufuza kozama kwa rekodi yako ya milandu, ndipo caution ya munthu wamkulu imaonekabe mpaka patadutsa zaka 6, ndiye imabisika, bola mlanduwo usakhale pa mndandanda wa milandu ikuluikulu imene sichotsedwa. Ukaipeza usanakwane zaka 18, kuyambira November 2020 siituluka yokha. Ine ndinaphonya ndi chaka chimodzi ndi miyezi, zimandiwawabe. Izi ndi za England ndi Wales, ku Scotland ali ndi dongosolo lawo la PVG.

Musanakhudze fomu ya UCAS yofunsira malo ku yunivesite, pemphani kaye rekodi yanu ku ACRO, ofesi ya apolisi yoona za marekodi a milandu. Amati subject access, ndi yaulere, koma imatenga masabata ndiye musadikire October, paja fomu ya udokotala imatseka pa 15 October. Ine m'mutu mwanga ndimati nkhani ija inachitika mu March, pepala litabwera linati May, dzina la mlandu ndi criminal damage. Tangoganizani ndikanalemba za m'mutu, deti kusiyana ndi ya pa DBS, akanati ndikubisa china chake.

Pa funso la milandu ndinachonga kuti eya. Msuweni wanga anandikalipira kuti iwe ukudziwotcha wekha, kankhani ka chitseko ndani angakafufuze. Ndinangomumvera chisoni chifukwa satifiketi ya DBS imabwera ndithu, ndipo sukulu zimenezi chimene zimaopa kwambiri ndi dokotala wabodza, chitseko amatha kumvetsa. Pa zinayi zimene ndinasankha, ziwiri zinandiitana ku intavyu, ndipo pa intavyu palibe anafunsa za caution, nkhaniyo imayenda njira ina ndi anthu ena.

Tsopano tsiku limene linandipsetsa mtima. Yunivesite imene inandipatsa malo inati ndipite ndekha ndi mapepala oyambirira kuti akatsimikize kuti ndine ine, DBS yamtunduwu sungaitanitse wekha, imadutsira kwa iwo. Ndinapempha ofu ku ntchito, tikiti ya sitima yodula chifukwa ndinagula mochedwa, maola atatu pa njira. Ndafika, mayi wa pa desiki wayang'ana pasipoti, wayang'ana sitetimenti ya ku banki, akuti iyi yadutsa miyezi itatu sitingalandire. Yadutsa ndi masiku asanu ndi anayi okha! Mu imelo yawo sanalembe za miyezi itatu, anangoti umboni wa adiresi. Ndinati ndithamangire ku banki andisindikizire ina pompo, akuti amene amasaina achoka 1 koloko, mubwere sabata yamawa. Ndinakhala pa benchi panja misozi ili m'maso, ndalama ya tsiku yapita, ya sitima yapita, ndipo ulendo wachiwiri ndinalipiranso zonsezo kuphatikiza ndalama ya DBS yeniyeniyo. Mpaka lero sindimvetsa kuti chiganizo chimodzi chokha mu imelo chinawavuta chani. Ndiye inu sitetimenti ikhale yatsopano, ndipo lembani maadiresi onse a zaka 5 zapitazi musanakhale pa fomu, ife osamukasamuka timaiwala.

Ndaiwala kunena, satifiketi isanabwere n'komwe ndinali nditawatumizira kale kalata yofotokoza. Tsamba limodzi basi: chinachitika ndi chani, deti yake monga ilili pa pepala la ACRO, ndinalipira bwanji, ndasintha chani. Sindinamunene landilodi ngakhale mtima umafuna. A bungwe la Unlock, limene limathandiza anthu okhala ndi rekodi, ali ndi malangizo abwino a kalembedwe ka kalata yotere, ndinawerenga kangapo. Manejala wanga ku nyumba yosamalira okalamba kumene ndagwira zaka ziwiri anandilemberanso kalata, iyeyo ankadziwa kale nkhaniyi chifukwa nakonso amapanga DBS.

Kenako kagulu ka anthu atatu a ku yunivesite kanandiitana pa vidiyo, mphindi 20. Anafunsa kuti wodwala akanditukwana usiku ndili wotopa ndingatani, ndinawauza za agogo ena a dementia amene anandilavulira ndikuwasambitsa, ndi mmene ndinatulukira kaye panja n'kuitana mnzanga. Anandiuzanso poyera kuti iwo sangalonjeze za GMC, bungwe lolembetsa madokotala, limenelo lidzaona palokha ndikadzamaliza, ngakhale pofika 2027 caution yanga idzakhala itakwana zaka 6 zija.

Kudikira yankho kunatenga masabata asanu, anzanga akulipira kale malo ogona ine ndili phee osadziwa. Pemphani pepala la ACRO lija msanga, ndikubwerezanso. Ine mawa ndikupita kukaona ngati chipinda chotchipa chatsalako.