Kompyuta yathu inkathima dzuwa likafika paliwombo

Kuno ku Ngabu, Okutobala akafika ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasaa. Ndi mwezi womwewo, chaka chatha, pamene kompyuta yathu ya patebulo inayamba khalidwe lachilendo. Ndili mkati molemba mayeso a ana anga a Sitandade 7, sikirini inkangoti bii! Popanda uthenga, popanda chenjezo. Ndikadikira kanthawi n'kuiyatsanso, inkayaka bwinobwino, koma ntchito yosasunga ndiye yapita. Tsiku lina ndinataya mafunso a masamu a pepala lonse, misozi inalengeza.

Alamu anga atamva anati, "Alamu, imeneyo ndi vairasi, fufutani zonse muyambirenso." Ndinatsala pang'ono kuvomera, chonsecho mmenemo muli zithunzi za malemu mayi ndi kaundula wa banki mkhonde yathu. Amene anandiletsa ndi mwana wa achimwene anga, yemwe akuphunzira zamagetsi ku Blantyre. Pa foni anati, "Azakhali, musafufute kanthu. Tengani kope, ikathima muzilemba nthawi yake, zomwe mumachita, komanso ngati babu kapena fani ya m'nyumba yaphethira."

Ndinkaona ngati mwanayo akundichedwetsa, koma patatha sabata kope lija linayankhula lokha. Mmawa sinathimepo, usiku sinathimepo. Nthawi zonse kunali pakati pa 11 koloko ndi 3 koloko masana, malata akulira ndi dzuwa, magetsi ali chiyakire. Ndipo ndikaiyatsa pompopompo, inkathimanso msanga kuposa poyamba.

Apa m'pamene mwana uja anandimasulira, ndipo ndikufuna anzanga a m'chigwa muno mumvetse. Vuto likakhala la Windows, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, kawirikawiri pamabwera sikirini ya buluu yokhala ndi mawu, kenako kompyuta n'kudziyatsanso yokha. Ikangoti zii ngati wina wazula chingwe, kayikirani kutentha kapena mphamvu ya magetsi. Anandilozera malo ena mu Windows otchedwa Event Viewer, momwe ndinapeza mzere wa Kernel-Power 41 utabwerezedwabwerezedwa. Mzerewu sutchula chifukwa, umangochitira umboni kuti kompyuta inathima mosatsazika, koma nthawi zake zinkagwirizana ndi za m'kope langa.

Kenako tinaikamo kapulogalamu kaulere kotchedwa HWMonitor, koonetsa kutentha kwa CPU, ubongo wa kompyuta uja. Ma CPU ambiri akayandikira madigiri 100 amayamba achepetsa liwiro, zikakanika amadzithimitsa kuti asapse. Yathu masana inkadutsa 90 ndikungolemba chabe. Taganizani: fani ya mkatimo imaziziritsa ndi mpweya wa m'chipinda momwemo. Ku Dedza mpweyawo ndi wozizira. Kuno kunja kukafika madigiri 40, pansi pa malata opanda siling'i kumaposa apo, ndiye faniyo ikupemerera moto ndi moto unzake.

Loweruka ndinaitulutsa pakhonde. Ndinazula chingwe ku soketi, n'kudina batani loyatsira kwa kanthawi kuti mphamvu yotsalira ithe, n'kukhudza chitsulo cha bokosilo ndisanagwire china chilichonse mkati. Nditamasula chivundikiro cha m'mbali ndinagwira pakamwa. Pa tizitsulo tangati chipeso tokhala pamwamba pa CPU panali fumbi lolukana ngati bulangeti, losakanikirana ndi ulusi wa thonje ndi mapiko a tizilombo. Mpweya ukanadutsa pati? Ndinachotsa ndi burashi yopentera youma, kenako n'kupopera ndi pampu ya njinga, chala china chitagwira fani kuti isazungulire mopitirira muyezo.

Kabokosi ka power supply, kolandira magetsi n'kumagawira zipangizo zonse za mkatimo, kokha sindinakatsegule, ndinangopopera kunja. Mwana uja anandichenjeza kawiri konse kuti muli makapasita osunga magetsi ngakhale chingwe chitazulidwa, ndipo akhoza kukumenya koopsa.

Chomwe sindinkachidziwa n'komwe ndi thermal paste, kaphala kotuwa kokhala pakati pa CPU ndi chitsulo choziziritsa. Kathu kanali katauma gwa, kakunyenyeka ngati dothi la m'dambo chilimwe. Kompyutayi tinaigula yakale ku Limbe, ndiye mwina chiipangireni sikanasinthidwepo. Katsopano kanabwera pa minibasi kuchokera ku Blantyre, ndipo anabwera nako ndi mwiniwake wa malangizo uja. Anapukuta kakale, n'kudontheza pakati kadontho kochepa ngati njere ya nandolo, basi. Wina kuno anati Colgate amagwiranso ntchito yomweyo. Chonde musayese, amauma msanga ndipo sanapangidwire zimenezo.

Cholakwa china chinali changa. Pofuna kuiteteza ku fumbi, ndinkaifunditsa kansalu koluka ngakhale ikugwira ntchito, itakhala pansi, itagunda khoma. Mabowo onse opumira anali otsekeka. Tsopano ili pamwamba pa tebulo, kumbuyo kuli mpata wokwana dzanja, ndipo kansalu kamabwerera pokhapokha ikathimitsidwa n'kuzizira. Masana otentha kwambiri CPU ikumasewera m'madigiri a m'ma 60, ndipo ntchito yaikulu ndimaigwira mbandakucha.

Chikonzereni yathimapo kamodzi kokha, madzulo ena mu Novembala. Ulendo uno babu la pabalaza linaphethira nthawi yomweyo, ndipo m'kope ndinalemba kuti "magetsi". Limenelo ndi vuto lina, mankhwala ake ndi UPS, kabokosi ka batire kogwiriziza kompyuta kwa mphindi zingapo kuti munthu usunge ntchito n'kuthimitsa bwino. Ndayamba kale kuponya masheya owonjezera ku banki mkhonde, tikagawana mu Disembala ndikwera Thabwa kukagula ku Blantyre.