Njira ya m'mbali mwa Mulunguzi imene ndimayenda ndi Mphezi

Galu wanga, Mphezi, ali ndi zaka 9 tsopano, ndipo miyendo yake yakumbuyo inayamba kufooka moti sathamanganso ngati kale. Kwa nthawi yaitali ndinkafunafuna malo oti tizikawongolako miyendo limodzi, kopanda phokoso la njinga zamoto ndiponso kopanda ana omugenda miyala, koma kosatalika kwambiri. Kuno kwathu anthu ambiri amaona galu ngati mlonda wa pakhomo kapena mnzawo wa ku uzimba, choncho ukamayenda naye pachingwe m'misewu ya mu mzinda wa Zomba, aliyense amakucheukira, ndipo galuyo sapeza mtendere.

Ulendo woyamba umene tinakwera phiri la Zomba, ndinasankha njira molakwika. Ndinafuna kukafika pa Emperor's View, malo amene anatchedwa dzinali pokumbukira kubwera kwa Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965, ndipo ali pafupi ndi Queen's View. Pamenepo munthu amaona chigwa chonse, nyanja ya Chilwa, ndiponso phiri la Mulanje kukakhala kopanda nkhungu. Koma njira yopita kumeneko ndi yaitali, ndipo mbali zina mitengo ya paini inadulidwa, mthunzi n'kusowa. Dzuwa litafika paliwombo, Mphezi anangogona pansi m'mbali mwa msewu, lilime lili panja, akupuma mwawefuwefu. Ndinamuthirira madzi onse amene ndinatenga m'chikhatho changa kuti amwe, kenako tinabwerera pang'onopang'ono tisanafike n'komwe. Tsiku limenelo ndinamva chisoni kwambiri, chifukwa ulendowo ndinaukonza poganizira maso anga okha, pamene galu amafuna madzi, mthunzi ndi dothi lozizira loti apondepo.

Zinthu zitatu zimenezi ndinazipeza m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Timayambira chakumtunda kwa damu la Mulunguzi, n'kutsata mtsinjewo kudutsa pa maiwe a nsomba za trout mpaka kukafika pa mathithi a Williams, kenako n'kubwerera momwe tadzeramo. Njirayi ndi yaifupi, yosakwera kwambiri, ndipo mbali yaikulu ili pansi pa mitengo yachilengedwe imene imasunga chinyezi ngakhale mu Okutobala. Madzi ake ndi ozizira moti ukaviika dzanja, zala zimachita dzanzi. Mphezi amakonda kuima pamwala wina wafulati pafupi ndi mathithiwo, madzi akumufika m'mawondo, n'kumanyambita pang'onopang'ono uku makutu ali tcheru kumvetsera mbalame. Mu damu lenilenilo sindimulola kulowa, chifukwa madzi amenewo ndi amene anthu a mu mzinda wa Zomba amamwa.

Kuti tipeze bata, timapita mkati mwa sabata, m'mamawa. Loweruka ndi Lamlungu pa mathithipo pamadzaza alendo, ana asukulu ndi anyamata ogulitsa mabulosi m'timbale, ndipo galu wokalamba amasowa pokhala. Lachiwiri m'mawa timangokumana ndi amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni pamutu. Ndikawaona patali, ndimafupikitsa chingwe n'kupatukira kumbali, chifukwa munthu amene wasenza mtolo wolemera sangathe kudumpha galu atamudzidzimutsa. Tsiku lina mayi wina anaima n'kundifunsa kuti, "Saluma ameneyo, bambo?" Nditamuuza kuti saluma ndiponso kuti anabayitsa katemera wa chiwewe, anadutsa mtima uli m'malo, ndipo kuyambira pamenepo timapatsana moni nthawi zonse.

Chingwecho sindimuchotsa ngakhale njira itakhala yopanda munthu, ndipo chifukwa chachikulu ndi anyani. M'phirimu muli anyani ambiri, ndipo mano a nyani wamphongo angathe kung'amba galu mimba m'kanthawi kochepa. Mphezi akawanunkhiza, ubweya wa pamsana umaima, ndipo ukalamba wonse amauiwala. Zikatero ndimamugwira pakhosi, ndimamulankhula motsitsa mawu, n'kudikira mpaka gulu lonselo litawoloka. Ndimatenganso kathumba kotolera ndowe zake, popeza sindifuna kusiya uve m'mbali mwa mtsinje umene anthu amamwa.

Tikafika kunyumba ndimamugoneka pakhonde n'kumufufuza nkhupakupa m'makutu, m'khwapa ndi pakati pa zala, makamaka nyengo ya dzinja udzu ukatalika. Nthawi zambiri ndisanamalize n'komwe amakhala atagona tulo, mutu atautsamiritsa pa phazi langa, m'mapazi mwake mudakali matope a ku Mulunguzi.