Zikomo alamu, nkhondo ya Leuthen yatheka

Usiku wathawu, nthawi itangopitirira 2 koloko, asilikali a Prussia, ufumu wakale wa ku Germany, analanda mudzi wa Leuthen pa kompyuta yanga monga mmene anaulandira pa 5 December 1757, ndipo ntchito yokonza masewera a pa kompyuta otsanzira nkhondo imeneyi, imene yandidyera miyezi isanu ndi iwiri, yafika pamapeto. Maso ali psuu ndi tulo, koma sindingagone ndisanathokoze.

Pamene zinandikanika ndi apa. Pa nkhondo yeniyeniyo, Mfumu Frederick ya Prussia inali ndi asilikali pafupifupi 36,000, pamene a Austria, otsogozedwa ndi Charles wa ku Lorraine, ankapitirira 60,000. Inapambana chifukwa inanamizira kuukira mbali ya kumanja ya adani ake, kwinaku gulu lalikulu likuzembera kuseri kwa timapiri kuti likagwere mbali ya kumanzere cha ku mudzi wa Sagschütz. Pa mapu amene ndinakonza poyamba malo onse anali osalala ngati lichero, choncho a Austria ankaona ulendo wonsewo, n'kutembenuka nthawi ikadalipo, ndipo Frederick ankagonja masewera aliwonse.

Amene anandichotsa manyazi ndi alamu anga, omwe ntchito yawo ndi yoyeza malo ndipo za Prussia analibe nazo chidwi n'komwe. Anatenga mapu a dera la Lutynia ku Poland, limene ndi dzina la mudziwo lero, nakhala nane madzulo ambirimbiri akundionetsa kuti mtunda waung'ono, umene munthu woyenda pansi sangautche phiri, umakwanira kubisa mzere wa asilikali ndi akavalo awo. Titakweza nthaka mmene anandiuzira, kompyuta inayamba kupusitsika ngati Charles mwiniwake, n'kuthamangitsira asilikali ake osungira kumbali yolakwika. Laputopu yanga itafa mwezi wa July, ine nditataya kale mtima, anali alamu omwewa amene anatulutsa fulashi yomwe ankakoperamo ntchito yanga mwakachetechete, nandibwereka makina awo kwa milungu itatu. Alamu, Mulungu akubwezereni pamene mwachotsapo.

Ndikuthokozanso anzanga awiri amene anandidzudzula kuti mfuti zanga zinkalasa bwino mopitirira muyeso. Ananena zoona, pakuti mfuti zagogodera za nthawi imeneyo zinkaphonya kwambiri mdani akatalikira mapazi opitirira zana, ndipo utsi wa wonga unkaphimba mzere wonse akangowombera kangapo. Nditachepetsa mphamvu yake, kulimbana kwa pampanda wa tchalitchi cha Leuthen kunayamba kutenga nthawi ndi kudya anthu monga kunachitikira. Ena aja amene munalonjeza kuyesa masewerawa, n'kusowa mutangomva kuti mpofunika kukhala maola awiri, ndakuonani mwayamba kufunsa fayilo. Mudzailandira, koma pambuyo pa amene anakhetsa nawo thukuta.

Amati nkhondoyo itatha, asilikali a Prussia anaimba nyimbo yothokoza Mulungu ali pachipale chofewa mumdima. Ine sindinaimbe kuopa kudzutsa ana, koma ndinaimbira foni alamu, amene anayankha ali m'tulo kuti phiri la kumwera likadafunika kulitsitsa pang'ono. Loweruka abwera kudzalikonza, ndipo aumirira kuti atenge mbali ya Austria, ati aone ngati ndingawapusitse iwo amene anaumba timapiri timeneti ndi manja awo.