Kuchoka ku Seoul kupita ku malire a North Korea: zimene timaona pa phiri la Dora

Mabasi opita ku malire amanyamuka mu Seoul m'mamawa, cha m'ma 6 kapena 7 koloko. Kulawira kotereku kuli ndi chifukwa chake: asilikali amaika chiwerengero cha anthu oti alowe pa tsiku, ndipo matikiti amagulitsidwa ku Imjingak, malo a alendo a pafupi ndi malire, kwa amene wayamba kufika. Mukachedwa mudikira mpaka masana, mwinanso osalowa n'komwe. Lolemba malowa satsegula. Tengani pasipoti yanu yeniyeni, osati fotokope kapena chithunzi cha pafoni, chifukwa msilikali amakwera m'basi n'kumayang'ana nkhope ya munthu aliyense ndi dzina lake pa mndandanda. Wopanda pasipoti amatsala.

Msewu wake umatchedwa Jayu-ro ndipo umatsata mtsinje wa Han. Musanatalikire ndi nyumba zosanja za mumzinda, kumanzere kumayamba waya waminga ndi tinyumba ta alonda toyang'ana m'madzi. Ulendo wonse ndi wa ola limodzi lokha. Apa m'pamene mlendo amayamba kumvetsa vuto la dziko lino: Seoul ndi madera ozungulira, kumene kumakhala pafupifupi theka la anthu onse a ku South Korea, ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera pa malire. Nkhondo imene inayamba pa 25 Juni 1950 sinathe ndi pangano la mtendere. Chimene chinasainidwa ku Panmunjom, pa malire penipeni, pa 27 Julayi 1953 chinali pangano longosiya kuwomberana. Linakhazikitsa chigawo cholekanitsa magulu ankhondo a mbali ziwirizi chotchedwa DMZ, chotalika makilomita pafupifupi 250 ndi makilomita 4 m'lifupi, awiri mbali iyi, awiri mbali inayo.

Ku Imjingak, mumzinda wa Paju, munthu aliyense amafika popanda chilolezo. Pali mutu wa sitima ya malasha umene unatsalira pa nkhondo, wobooka malo oposa 1,000 ndi zipolopolo. Pali Freedom Bridge, mlatho wamatabwa umene akaidi a nkhondo 12,773 anawolokerapo pobwerera kum'mwera mu 1953. Koma malo amene tikupempha kuti musawadutse mothamanga ndi guwa la Mangbaedan. Mabanja amene abale awo anatsalira kumpoto amabwera pano pa chikondwerero cha Chuseok ndi pa chaka chatsopano cha Seollal kudzagwada atayang'ana kwawo, poti manda a makolo awo sangawafike. Ambiri mwa anthu amene anasiyana ndi abale awo ali ana amwalira asanaonanenso. Amene atsala ndi okalamba kwambiri.

Kuchoka apo basi imawoloka mlatho wa Tongil, pomwe pali chipata cha asilikali ndi zotchinga zimene zimakakamiza dalaivala kuyenda mokhotakhota. Pano musajambule. Pa mlatho womwewu, mu 1998, Chung Ju-yung, yemwe anayambitsa kampani ya Hyundai ndipo anabadwira kumpoto, anadutsitsa ng'ombe 1,001 m'maulendo awiri kukapereka ku North Korea. Mukawoloka, m'mbali mwa msewu mumaona timakona atatu tofiira topachikidwa pa waya, tochenjeza za mabomba okwirira. Si zokongoletsa ayi. Osapatuka kulowa m'tchire ngakhale mutapanikizika bwanji.

Ngalande yachitatu ya pansi pa nthaka ndiyo imatopetsa thupi. North Korea inakumba ngalande zingapo zodutsa pansi pa malire, ndipo zinayi zinapezeka: mu 1974, 1975, 1978 ndi 1990. Yachitatuyi ndi yotalika mamita 1,635, ndipo mamita 435 mwa amenewa ali mbali ya kum'mwera. Ili mamita 73 pansi pa nthaka. Foni, kamera ndi chikwama mumazisiya m'maloka, mumavala chisoti, kenako mumatsika njira yotsetsereka ya mamita 358. Kutsika sikuvuta. Kukwera pobwerera n'kumene kumaphwetsa anthu mpweya, choncho amene ali ndi vuto la mtima, mphumu kapena mawondo asatsike wapansi. Afunse za kasitima kakang'ono kamene kamakhalapo pa matikiti ena. Pansipo m'mozizira ndi monyowa, denga ndi lalifupi, ndipo munthu wamtali amayenda chowerama mamita 265 mpaka pa khoma la konkire, chisoti chikugunda mwala. Khoma limenelo lili mamita 170 okha kuchokera pa mzere weniweni wa malire.

A kumpoto ankati unali mgodi wa malasha, mpaka anapaka makoma zakuda. Koma mwala wa pano ndi nsangalabwi yolimba yopanda malasha, mabowo oikamo zophulitsira akuloza kum'mwera, ndipo pansi panakumbidwa motsetsereka pang'ono kuti madzi aziyenderera kumpoto.

Ngalandeyi ndi nkhani ya m'ma 1970. Nkhani ya lero imaonekera pa phiri la Dora, ndipo apa m'pamene tikufuna kukhalitsa, chifukwa alendo ambiri amangojambula mbendera n'kubwerera m'basi.

Kwerani padenga pomwe pali makina oonera patali. Kukakhala kopanda chifunga mumaona milongoti iwiri ya mbendera. Wa kum'mwera, m'mudzi wa Daeseong-dong, ndi wa mamita pafupifupi 100. Wa kumpoto, m'mudzi wa Kijong-dong, ndi wa mamita 160. Kuseri kwake kuli mzinda wa Kaesong ndi mapiri opanda mitengo yambiri. Tsopano fufuzani madenga a mafakitale. Amenewo ndi Kaesong Industrial Complex, imene inayamba kugwira ntchito mu 2004. Makampani a ku South Korea oposa 120 ankalemba ntchito anthu a ku North Korea oposa 50,000, kusoka zovala, nsapato ndi kupanga tizipangizo ta makina. Malole ankawoloka malire tsiku ndi tsiku. Pa 6 Januwale 2016 North Korea inaphulitsa bomba la nyukiliya kachinayi, mwezi wotsatira inaulutsa roketi, ndipo boma la Park Geun-hye linatseka mafakitalewo mu Febuluwale womwewo. Sanatsegulidwenso. Chapomwepo panali nyumba ya ofesi yolumikiza mayiko awiriwa, yotsegulidwa mu 2018. North Korea inaiphulitsa pa 16 Juni 2020. Msewu umene malole ankadutsa nawo unaphulitsidwa pa 15 Okutobala 2024. M'munsi mwa phirili muli siteshoni ya sitima ya Dorasan, yooneka yatsopano ndi yaukhondo, yokhala ndi chikwangwani choti Seoul makilomita 56, Pyongyang makilomita 205, koma sitima yopita ku Pyongyang kulibe. Mafakitale, ofesi, msewu ndi siteshoni zonsezi zinamangidwa pa nthawi imene anthu ankayembekezera kugwirizana, ndipo zinaima pamene zida zinkakula. Ife zimenezi zimatipweteka mtima kuposa waya waminga.

Mizinga yeniyeniyo simungaione kuchokera ku Dora. Malo oyesera mabomba a nyukiliya ali kutali kumpoto chakum'mawa, ku Punggye-ri, pansi pa phiri la Mantap. Kumeneko anaphulitsa kasanu ndi kamodzi: mu 2006, 2009, 2013, kawiri mu 2016, ndi pa 3 Seputembala 2017. Lomalizali linagwedeza nthaka ngati chivomerezi cha mphamvu ya 6.3. Zipangizo zopangira mabombawa zimachokera makamaka ku Yongbyon, kumpoto kwa Pyongyang. Bungwe la SIPRI la ku Sweden linayerekeza mu 2024 kuti dzikoli lili ndi mabomba pafupifupi 50.

Pa nkhani ya mizinga pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza anthu akamamva pa wailesi. Amamva kuti mzinga wauluka makilomita 950 n'kugwera m'nyanja, n'kuganiza kuti ndi waung'ono. Hwasong-15, umene unawomberedwa pa 29 Novembala 2017, unayendadi mtunda umenewo, koma unakwera m'mwamba makilomita pafupifupi 4,500 ndipo unatha mphindi 53 uli m'mlengalenga. Amauwombera choimika dala kuti ugwe pakati pa Korea ndi Japan. Akatswiri anawerengera kuti akanaugoneka bwino ukanayenda makilomita pafupifupi 13,000, kutanthauza kuti ukanafika ku Washington. Choncho mukamva za kuyesa kwatsopano, funsani kuti wakwera pati ndipo watha mphindi zingati. Hwasong-19 wa pa 31 Okutobala 2024 unakwera kupitirira makilomita 7,000 ndipo unatha mphindi 86.

Funso lina ndi la mafuta. Mizinga ya mafuta amadzimadzi imafuna nthawi yaitali yothira, pamodzi ndi mdipiti wa magalimoto, ndipo masetilaiti amatha kuona kuti chinachake chikukonzeka. Hwasong-18, woyesedwa koyamba pa 13 Epulo 2023, ndi wa mafuta olimba omwe amakhala ali kale m'kati. Galimoto imangotuluka m'phanga, kuuimika, kuwombera. Nthawi yochenjezana imachepa, ndipo n'zimene zimaopsa akuluakulu a asilikali mbali zonse, chifukwa munthu amene ali ndi mphindi zochepa zoganizira amalakwitsa msanga. Chimene sichinaonetsedwe poyera ndi chakuti mutu wa mzinga wotere ungapirire kutentha pobwerera m'mpweya wa dziko utawomberedwa chogoneka mtunda wonse.

Komabe kwa munthu wa ku Seoul, mizinga italiitaliyo si yake. Inapangidwira America, imene ili ndi asilikali pafupifupi 28,500 m'dziko muno. Zake ndi mifuti ikuluikulu yobisidwa m'mapanga a mapiri omwe mukuwaona ku Dora, ndi mizinga yaifupi monga KN-23, imene imauluka chapansi n'kusintha njira kuti isawomberedwe. Pa 23 Novembala 2010 mifuti ya kumpoto inawomba chilumba cha Yeonpyeong n'kupha anthu anayi, asilikali awiri ndi anthu wamba awiri.

Wotsogolera alendo akamafotokoza kuti atsogoleri a kumpoto ndi amisala, musangovomera. Nkhanza zawo kwa anthu awo ndi zenizeni, ndipo ndalama zothera pa mizinga zikuchoka pakamwa pa anthu osauka. Koma mawerengero awo ndi omveka. Amatchula Libya kawirikawiri: Muammar Gaddafi anasiya ntchito yopanga zida za nyukiliya mu 2003, ndipo mu 2011 anachotsedwa n'kuphedwa. Dziko la South Africa linaphwasula mabomba ake asanu ndi limodzi palokha, koma linatero pamene ulamuliro wa tsankho unkatha. Banja la Kim, lolamulira North Korea, silikuganiza zochoka pampando. North Korea inatuluka m'pangano loletsa kufalitsa zida za nyukiliya mu 2003, mu 2022 inakhazikitsa lamulo lolola kuyamba ndiyo kuzigwiritsa ntchito, ndipo mu 2023 inazilemba m'malamulo aakulu a dziko. Ziletso za malonda za United Nations zilipo, koma mu Malichi 2024 Russia inakana kuwonjezera nthawi ya gulu la akatswiri amene ankazilondoloza, ndipo mu Juni chaka chomwecho Vladimir Putin ndi Kim Jong Un anasainirana pangano lothandizana pa nkhondo.

Ambiri amafunsa za Panmunjom, pa tinyumba tabuluu tija pomwe Moon Jae-in, yemwe anali pulezidenti wa South Korea, ndi Kim Jong Un anagwirana chanza pa 27 Epulo 2018, ndi pomwe Donald Trump anaponda dziko la North Korea pa 30 Juni 2019. Ulendo wa kumeneko ndi wosiyana ndi uwu, ndipo umayendetsedwa ndi gulu la asilikali la United Nations Command. Unaimitsidwa msilikali wa ku America, Travis King, atathawira kumpoto pa 18 Julayi 2023 ali pa gulu la alendo. Musalipire kampani iliyonse imene ikulonjeza Panmunjom isanakutsimikizireni polemba. Ngakhale ku Dora ndi ku ngalande, asilikali amatha kutseka m'mawa womwewo zinthu zikavuta, choncho ikani ulendowu kumayambiriro kwa masiku anu ku Korea kuti mukhale ndi tsiku lina loyeseranso. Akatseka, pitani ku Odusan, pomwe mitsinje ya Han ndi Imjin imakumana. Tsidya linalo lili makilomita awiri okha ndipo pa makina oonera patali mumatha kuona alimi m'minda. Ku War Memorial of Korea, ku Yongsan, kulowa ndi kwaulere, ndipo pa makoma pali maina a asilikali a ku Ethiopia ndi South Africa amene anafera pa nkhondoyi.

Pobwerera mu Seoul madzulo mupeza anthu ali pikitipikiti ngati palibe kanthu. Anazolowera, koma anakonzekeranso. Pa zipata za masiteshoni a sitima ya pansi pa nthaka ndi pa nyumba zikuluzikulu pali zikwangwani zolembedwa SHELTER, ndipo mumzindawu muli malo obisalamo pafupifupi 3,000. Tsiku limene mwafika, dziwani siteshoni yapafupi ndi kumene mukugona ndipo muyende wapansi kukaiona. Ikani pafoni Emergency Ready App, imene imapereka mauthenga m'Chingelezi, chifukwa machenjezo a boma amalira pafoni iliyonse koma nthawi zambiri amabwera m'Chikoreya. Pa 31 Meyi 2023, nthawi ili 6:41 m'mawa, mafoni a mu Seoul analira kuti anthu akonzekere kuthawa, osanena chifukwa kapena kothawira. Patapita mphindi pafupifupi 20 boma linalengeza kuti uthengawo unatumizidwa molakwika. Inali roketi yonyamula setilaiti imene gawo lake lachiwiri linalephera n'kugwera m'nyanja ya kumadzulo. Foni ikalira chonchi, tengani pasipoti, madzi ndi mankhwala anu, tsikani pa masitepe osati pa chikepe, ndipo tsatani kumene eni dera akulowera. Nambala ya apolisi ndi 112, ya ambulansi ndi ozimitsa moto ndi 119, ndipo 1330 ndi ya alendo, komwe amayankha m'Chingelezi.