Siketi ya Wallace ndi chitenje cha apongozi

Apongozi anga atabwera ku Glasgow kudzaona mdzukulu wawo, mkazi wanga anandipatsa ntchito imodzi yokha: Loweruka ndiwatulutse m'nyumba kuti iye agoneko. Ndinasankha Stirling, chifukwa mbiri ya kumeneko ndinkaidziwa pamtima. Ndinaiphunzira pa benchi ya vidiyo sho ku Ndirande, m'filimu ya Braveheart ya Mel Gibson, ija inatuluka mu 1995. Chingerezi chake sitinkachimva, koma pofuula pokha sitinkaphonya.

Mkamwini amafunika kuonetsa khama. Ndinabwereka kilt, siketi ya amuna a kuno, kwa mnzanga wa kuntchito. Theka la nkhope ndinalipaka penti wabuluu amene anatsala popenta chitseko cha chipinda cha mwana. Mkazi wanga anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutseka chitseko mwakachetechete.

M'sitima ndinayamba phunziro. Ndinafotokoza za William Wallace, mlimi wosauka wa tsitsi lalitali amene anazunguza mfumu Edward I ya ku England, mpaka kumupatsa mimba mpongozi wa mfumuyo, Isabella wa ku France. Pamenepa ndinatsitsa mawu polemekeza mayi.

Bambo anaphunzitsa mbiri yakale ku Dedza mpaka kupuma pantchito. Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

"Akamwini, Wallace anaphedwa liti?"

"Kumapeto kwenikweni, bambo."

"Mu 1305, ku London. Nthawi imeneyo Isabella anali kamtsikana ka zaka pafupifupi 10, kali kwawo ku France. Anakwatiwa mu 1308, ndipo mwana wake woyamba, Edward III, anabadwa mu 1312. Mimba ya zaka 7, akamwini, ngakhale njovu siifikapo."

Mayi anayang'ana pawindo ngati nkhosa za kunjako ndi abale awo.

Titatsika ndinayamba kufunafuna chigwa chachikulu chija chimene asilikali anathamangiramo atanyamula nthungo. Tinazungulira mpaka kufika pa mtsinje wa Forth, pa mlatho wakale wa miyala, pomwe ndinafunsa gogo wina amene ankayendetsa galu. Gogoyo anaona nkhope yanga n'kupuma mozama. Zinkaoneka kuti anthu a mtundu wanga amakumana nawo chilimwe chilichonse.

Anati chigwacho ndikachifune ku Ireland, kumene mbali yaikulu ya filimuyo inajambulidwa, ndipo ambiri mwa ankhondo aja anali asilikali a dziko la Ireland obwerekedwa. Nkhondo yeniyeni ya pa 11 September 1297 inali ya pamlatho, wamatabwa, wopapatiza moti okwera pa akavalo ankangodutsa awiriawiri. Wallace ndi mnzake Andrew Moray anadikira paphiri la Abbey Craig mpaka gulu lina la Angerezi litawoloka, kenaka anatsika n'kutseka pakamwa pa mlatho. Owoloka anasowa kothawira, otsala tsidya lina anangoonerera anzawo akuphedwa ndi kumira. Nzeru yonse ya tsikulo inali mlathowo, ndiye a filimu anauchotsa. Anachotsanso Moray, amene anavulala pankhondoyo n'kumwalira chaka chomwecho. Ngakhale mlatho wa miyala umene tinaimapo si womwewo, unamangidwa patapita zaka pafupifupi 200.

Bambo anali atatulutsa kale kabuku ndi cholembera. Iwo ndi gogo uja anagwirizana msanga, ndipo mlandu unali ine. Siketi ngati yangayi inayamba kuvalidwa m'zaka za m'ma 1500, Wallace atawola kale. Zodzipaka buluu zimanenedwa za anthu amene Aroma anawapeza pachilumbachi zaka zoposa 1,000 iye asanabadwe. Wallace weniweni sanalinso mphawi wa m'khumbi, anali wa banja la eni malo. Nkhani zambiri zokometsera zinachokera m'ndakatulo ya Blind Harry, yolembedwa m'ma 1470, pamene onse omuona Wallace ndi maso anali kumanda. Bambo anawonjezera kuti ngakhale dzina la filimuyo limatanthauza mtima wolimba, mtima wotchuka m'mbiri ya Scotland si wa Wallace koma wa mfumu Robert the Bruce, umene msilikali wake James Douglas anaunyamula m'kabokosi mpaka ku Spain mu 1330. Potsanzika gogoyo anandinong'oneza kuti ndavala chotembenuza, zopindapinda zimakhala kumbuyo.

Ndinalowa m'chimbudzi cha pamalo ena odyera kuti ndisukusule. Sopo anatha, penti sanasunthe. Anali wa mafuta.

Chiyembekezo changa chinatsala pa nsanja ya chikumbutso cha Wallace pamwamba pa Abbey Craig, imene inatsegulidwa mu 1869. Ili ndi masitepe 246 ozungulira, ndipo ndinati pamenepa pokha mphamvu za unyamata zindiwombola. Mayi, amene akula akukwera mapiri a Dedza nkhuni zili pamutu, anafika pamwamba oyamba. Ine ndinafika womaliza, lilime panja, thukuta labuluu likutsikira m'khosi.

Pamwambapo mphepo yake ilibe ulemu. Nditangotambasula dzanja kuloza kumene mtsinje ukukhota, siketi yonse inakwera n'kundiphimba kumaso. Mnzanga uja anandiuza kuti mwamuna weniweni wa ku Scotland savala kanthu mkati. Ndikuthokoza kuti sindinamumvere, koma chimene ndinavala chinali kabudula wogonera wobooka malo awiri, amene mkazi wanga wakhala akufuna kumusandutsa chokolopera.

Kwathu mkamwini akakumana ndi apongozi aakazi panjira amapatuka. Pansanja paja panalibe kopatukira. Mayi anatembenuka kuyang'ana kumapiri, anamasula chitenje cha Chigwirizano chimene anafunda paphewa, n'kundipatsira chakumbuyo osacheuka.

"Mangani, bambo."

Ndinatsika masitepe onse nditamanga chitenje pamwamba pa siketi, ndikuyenda pang'onopang'ono kuti chisamasuke. Pansi tinakumana ndi banja lina la ku America, makamera ali m'khosi. Mwamunayo anasangalala kwambiri kundiona. Anati iyenso makolo ake anachokera ku Scotland, ndipo anafuna kudziwa kuti nsalu yokongola chotere ndi ya fuko liti.

Ine mawu anali atauma. Bambo anatseka kabuku kawo, nkhope ili phee.

"Ya a Phiri," anatero. "Anamenya nawo nkhondo ya pachigwa."

Munthu uja analemba dzinalo mufoni, n'kupempha kuti tijambulitse.