Phale limene ndinkaponyera mbalame

Kumunda kwathu ku Mtakataka khasu likamenya pansi sipalephera kutuluka phale. Tili ana tinkatola mapalewa n'kumaponyera mbalame m'mapira. Chaka chino, m'phunziro la mbiri yakale, ndi pamene ndachita manyazi nditazindikira kuti ndinkataya umboni umene anthu ena amachita kuufukula ndi kaburashi.

Mayina a mitundu ya mbiya zakale ndinkangowaloweza pofuna kukhoza mayeso. Ofukula zakale amatcha mtundu wa mbiya ndi dzina la malo amene anaupezako koyamba. Ulipo wa Nkope, dzina lochokera kunyanja ku Mangochi, umene Keith Robinson anaufufuza ndipo unayamba cha m'zaka za m'ma 300 AD. Mapale ake ndi ochindikala, milomo yokhuthala, ndi mizere yozama m'khosi. Kenako wa Kapeni, wa phiri la ku Ntcheu, ndi wa Mawudzu, wopyapyala, umene amaulumikiza ndi Amaravi.

Chinanditsegula maso ndi Mankhamba, pafupi ndi kwathu penipeni, likulu lakale la Kalonga, mfumu ya Amaravi. Dr Yusuf Juwayeyi atafukula pamenepo anapeza mapale ochuluka a mtundu wa Mawudzu, komanso mikanda yagalasi, mkuwa, minyanga ya njovu ndi tizidutswa ta mbale za ku China. M'kalasi aliyense anatengeka ndi za ku China. Inenso poyamba. Koma mkanda umangonena kuti kunali malonda. Ukhoza kudutsa m'manja khumi, woupanga ndi wouvala osadziwana mpaka imfa. Kapindidwe ka mlomo wa mphika sikagulidwa. Munthu amakaphunzira atakhala pansi pambali pa mnzake, dongo lili m'manja.

Ndiye mbiya za Nkope zikamafanana ndi za Gokomere ndi Ziwa ku Zimbabwe, kapena za Mawudzu zikamayenderana ndi zimene David Phillipson anazitcha za Luangwa ku Zambia, ndiye kuti panali anthu amene anaphunzitsana. Malire a mayikowa anabwera dzulodzuloli.

Pa holide ndinapita ndi phale limodzi kwa agogo anga aakazi, amene anaumba mbiya mpaka maso atayamba kuvuta. Analitembenuza, kulikanda ndi chikhadabo, kenako kuligogoda pamwala.

"Dothi ili anasakaniza ndi mchenga, ndipo linapsa bwino. Koma mphini izi si za kwathu."

"Nanga inu agogo, zanu munazitenga kuti?"

"Kwa amayi anga. Iwe mwana, ukufuna ndikazitenge kuti?"

Mphini, ndi mmene iwo amatchulira zokongoletsa za m'khosi mwa mtsuko, ngati zija ankatema amayi pankhope. Anandifotokozera mmene ankakumbira mtapo, kuusinja, kukweza mphika ndi timizere ta dongo, kusalaza ndi chitsononkho, kukulungiza ndi mwala, n'kuotcha ndi makungwa. Pa chitsononkho ndinaima kaye. Chimanga chinafika kuno Apwitikizi atabwera, choncho woumba wa Nkope sanachigwirepo. Ngakhale chida chosalazira chili ndi nthawi yake.

Kuno kwathu kwa chikamwini mwamuna ndiye amasamuka, mkazi amatsala pamudzi pa amayi ake. Mwina n'chifukwa chake kaumbidwe kamodzi kamakhalitsa pamalo mibadwomibadwo. Komabe aphunzitsi athu anatichenjeza kuti mphika si mtundu wa anthu, ndipo ndikugwirizana nawo. Angoni a Maseko atakhazikika ku Ntcheu ndi ku Dedza m'zaka za m'ma 1800 anakwatira akazi a konkuno. Wodzafukula mudzi wotero akhoza kupeza nkhali za kaumbidwe ka Chichewa pakhomo pamene pankavinidwa ngoma.

Phale lija agogo anakana kundibwezera. Akuti n'labwino kupalira moto.