Sabata imene anafuna kuti tichotse nkhani ya malume

Ndimagwira ntchito yokonza zolemba za sewero la pa TV pa kampani ina kuno ku Johannesburg, ndipo udindo wanga ndi kuwerenga gawo lililonse lisanajambulidwe, kuona ngati nkhani ikulumikizana komanso ngati sikuphwanya malamulo a zoulutsa. Sewero lathu limaonetsedwa 8 koloko madzulo pa tchanelo chaulere, pamene ana ambiri amakhala asanagone, chifukwa chake chilichonse timachiyeza ndi nthawi ya 9 koloko usiku, imene malamulo a kuno amalola kuyamba kuonetsa zoyenera akuluakulu okha. Lachisanu la sabata yatha tinaulutsa gawo limene likusonyeza kuti mtsikana wa zaka 14 akugwiriridwa ndi malume ake, amenenso amamulipirira sukulu.

Lolemba m'mawa ndinapeza anzanga ali zyoli pa mafoni awo. Pa Facebook ndi pa X anthu anali atatilalatira usiku wonse, ena akuti tikunyozetsa mabanja a anthu akuda, ena akuti tikuphunzitsa ana zolaula, ndipo kampani ina imene imatsatsa malonda pakati pa sewero lathu inali itaimba kale foni kufunsa kuti nkhaniyi itha liti. Pa msonkhano wa masana woimira tchanelo anapempha kuti malumeyo afe pa ngozi ya galimoto sabata yomweyo, nkhani ithere pomwepo. Vuto ndi lakuti ife timajambula miyezi iwiri kutsogolo, moti magawo onse anali okonzeka kale, ndipo kusintha kulikonse kukanatanthauza kudula zimene osewera anakhetsera thukuta.

Lachiwiri ndinathera tsiku lonse pa malamulo a BCCSA, bungwe limene eni nyumba zoulutsa mawu anakhazikitsa mu 1993 kuti lizimva madandaulo a oonera. Bungweli siliona pulogalamu isanaulutsidwe, limaweruza pambuyo pake, ndipo sililetsa nkhani chifukwa chakuti ndi yowawa. Limafunsa kuti yaonetsedwa bwanji, pa nthawi yanji, ndiponso ngati oonera anachenjezedwa. Ndinalemba kalata ya masamba awiri kwa mabwana, ndipo ndinawakumbutsa kuti Gawo 16 la malamulo oyendetsera dziko lino a 1996 limateteza ufulu wa aluso, komanso kuti mu 2001 aphungu ena anafuna kuti sewero lina la pa TV lotchedwa Yizo Yizo liletsedwe chifukwa choonetsa kugwiririrana m'ndende, koma seweroli linapitirira.

Tsiku limene sindidzaliiwala ndi Lachitatu. Tinadzitsekera m'chipinda cha editing, ine ndi mnyamata amene amadula zithunzi, ndipo tinabwereza kakhumi chigawo chimodzi cha mphindi zitatu. Mtsikanayo akutsuka mbale, mayi ake akusenda mbatata pafupi naye, kenaka iye akunena motsitsa mawu kuti malume amalowa kuchipinda kwake usiku. Mayiwo sakutukula nkhope, mpeni ukuima pang'ono m'manja mwawo, kenaka ukuyambanso kusenda, ndipo akuyankha kuti zimenezo asadzazinenenso pakhomo pano. Palibe chovala chimene chikuvulidwa, palibe magazi, koma chigawo chimenechi n'chimene a tchanelo ankachiopa kwambiri kuposa china chilichonse. Ine ndinavomera kudula masekondi 40 a gawo lina, pamene kamera inakhalitsa pa chitseko chotsekedwa ndipo kulira kwa mwanayo kunkamveka, chifukwa kunena zoona pamenepo tinapyola muyeso wa sewero la 8 koloko. Koma za kukhitchini ndinakana, pakuti tikachotsa mawu a mwanayo n'kusiya malumeyo akuyenda mwaufulu, ndiye kuti tachita chimodzimodzi zimene mayi ake achita.

Madzulo a Lachinayi ndinapita ku mapemphero a Amalawi anzanga ku Rosettenville, ndipo titatuluka mayi wina wachikulire, amene anandisunga nditangofika kumene m'dziko muno, anandikokera pambali. Anati, "Mwana wanga, iwe ukudziwa kuti kwathu malume ndi mwinimbumba. Zinthu zoterezi zimakambidwa kumphala ndi akuluakulu, osati pa TV zidzukulu zanga zikudya nsima." Ndinayankha kuti, "Amayi, ndamva, koma nanga wolakwayo akakhala mwinimbumba yemweyo, mwana akadandaule kwa yani?" Sanandiyankhe msanga. Anakonza chitenje chawo, n'kundiuza kuti kumudzi kwawo zinachitikapo, ndipo mtsikanayo ndiye anatumizidwa kutali kwa achibale, pamene mwamunayo anakhalabe pamudzi mpaka imfa yake. Sananene kuti ndili ndi chilungamo, ndipo ine sindinawaumirize, popeza mantha awo a zidzukulu ndi enieni ndipo ndimawalemekeza. Chimene ndinawafotokozera n'chakuti lamulo la kuno la 2007 lokhudza milandu yogonana limalamula munthu aliyense amene akudziwa kuti mwana wachitidwa zoterezi kukanena kupolisi, ndipo kukhala chete pakokha ndi mlandu. Anadabwa, chifukwa akhala mu Johannesburg zaka zambiri osamvapo zimenezo.

Mawu awo ndinawatengera ku msonkhano wa Lachisanu. Ndinauza mabwana kuti ngati mayi wokonda ana chonchi sakudziwa lamuloli, ndiye kuti sewero lathu lili ndi ntchito yoti ligwire, ndipo ndinapempha kuti mphunzitsi wa mtsikanayo anene za lamuloli momveka m'gawo limene tikulemba panopa. Tinakangana maola awiri. Pomaliza anagwirizana kuti malume safa pa ngozi, chigawo cha kukhitchini chikhala monga chilili, chenjezo la msinkhu wa oonera likwezedwa, ndipo kumapeto kwa gawo lililonse tiziika nambala yaulere ya Childline, 116, yomwenso ndi nambala yothandizira ana kwathu ku Malawi. Kampani yotsatsa ija yachotsa malonda ake kwa mwezi umodzi, ndipo ndikudziwa kuti ndalama zimenezo zidzatchulidwanso pokambirana kontirakiti yanga.

Gawo la kukhitchini liulutsidwa Lachiwiri likubwerali. Mayi aja anditumizira uthenga pa WhatsApp kufunsa nthawi yake yeniyeni, ndipo akuti zidzukulu zazing'ono azigoneka msanga, koma wamkulu, wa zaka 15, aonera naye limodzi.